Takalambira ku Pretoria, koma mafomu satidziwa

Sabata yoyamba ya mwezi uliwonse ku Tshwane kumacha msanga. Agogo a ku Mamelodi, Atteridgeville, Soshanguve ndi Hammanskraal amalawirira kusanayere, atavala zakutchalitchi, ulendo wa ku Shoprite, ku Boxer kapena pa makina a banki kukatapa ndalama yawo ya ukalamba. Tsiku loyamba ndi la okalamba, lachiwiri la olumala, lachitatu la ana. Ife anzawo a imvi zomwezo, obadwira ku Mangochi, Nkhata Bay, Mzimba, Mulanje ndi Dedza, timakwera nawo takisi imodzi koma timatsikira pena: pa geti la bwana kukatchetcha kapinga, kapena pa mphambano pomwe timaima ndi kachikwangwani kolengeza kuti timapenta, timamanga, timakonza mapaipi. Nkhalamba ya zaka 68 imaima pambali pa mnyamata wa zaka 25, ndipo galimoto yofuna waganyu ikafika, aliyense amadziwiratu amene akwere.

Wina asatiyese ansanje. Agogo amenewa timakhala nawo mpanda umodzi, ena mwa ife timachita lendi kuseri kwa nyumba zawo, ndipo timaona ndi maso athu mmene ndalamayo imasungunukira. Mu Epulo 2025 inafika pa R2,310 pamwezi. Wopitirira zaka 75 amamuwonjezera R20, ya buledi mmodzi basi. Anthu pafupifupi 4 miliyoni amailandira, ndipo m'makomo ambiri ndiyo yokha imene imalowa: imadyetsa adzukulu, imagula yunifolomu, imalipira inshuwalansi ya maliro, yotsalayo n'kupita kwa akatapila omwe kuno amawatcha mashonisa. Bungwe lina la ku Pietermaritzburg lomwe limatsata mitengo mwezi ndi mwezi limapeza kuti chakudya cha banja limodzi chimapitirira R5,000. Ndiye pofika pa 15 agogo aja amagogoda kwa ife kubwereka shuga, ife n'kugogoda kwa iwo kubwereka mchere. Tinawaonanso akulira mu Seputembala 2023, pomwe makina a Postbank anasokonezeka ndipo anthu pafupifupi 600,000 sanalandire pa nthawi yake. Ena anakongola ya takisi kuti akafike m'tauni, n'kubwerera chimanjamanja. Chomwe tikunena n'choti iwo ali ndi pobwerekera, poti wokongoza amadziwa kuti mwezi ukatha ilowa. Ife ngongole yathu imadalira msana, ndipo msana watha.

Lamulo lake ndi losavuta kumva. Ndalama ya ukalambayi, yomwe imaperekedwa ndi bungwe la boma la SASSA, amalandira munthu wa zaka 60 kupita m'tsogolo amene ndi nzika, kapena ali ndi chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kale, kapena ndi wothawa nkhondo wovomerezeka. Ngakhale a chilolezo chokhazikikawo sanachipeze chapafupi. Anachita kumenyera anzathu a ku Mozambique, a Louis Khosa ndi ena, mpaka khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula mu 2004, kudzera mwa Jaji Yvonne Mokgoro, kuti munthu amene wakhazikika kuno sangamanidwe thandizo chifukwa choti anabadwira kwina. Chigamulo chimenecho chinatsegula chitseko, koma chinatsegulira okhawo okhala ndi pepala.

Apa ndi pomwe ife Amalawi tinagawikira pawiri. Mu 1996 boma la a Mandela linapereka mwayi kwa anthu a m'maiko a SADC amene analowa kuno pasanafike pa 1 Julaye 1991 kuti alembetse n'kukhala okhazikika. Anthu pafupifupi 124,000 anavomerezedwa. Amene anamva msanga n'kukhala ndi kalata ya bwana, lero ali ndi ID, ndipo sabata yoyamba ija nawonso amavala jekete. Ambiri tinaphonya. Wina anali pa famu ku Brits komwe nkhani sinafike. Wina bwana wake anakana kulemba kalata poopa kuti aululika kuti ankalemba anthu mozemba. Wina anaopa kuti ndi msampha womutumizira ku Lindela, komwe amasungira oti abwezedwe kwawo. Ndipo khamu lalikulu tinabwera pambuyo pake, m'zaka za a Muluzi, mafakitale a ku Blantyre akutsekedwa, fodya atagwa mtengo. Tinalowa ndi masiku 30 a pa pasipoti, tikumati tikangopeza ya malata ndi njinga tibwerera. Masiku 30 aja asanduka zaka 30.

Anzathu a ku Zimbabwe, Lesotho ndi Angola maboma awo anakhalapo pansi ndi boma la kuno, n'kutuluka ndi mapemiti apadera. Mapemitiwo ali ndi mavuto ake, sapatsa munthu ndalama ya ukalamba, komabe amamulola kutsegula akaunti ku banki, kulembedwa ntchito poyera ndi kuyenda mumsewu mtima uli m'malo. Mu Juni 2020 khoti la kuno ku Pretoria linalamula kuti eni mapemitiwo ndi ofunsira malo othawirako alandire nawo R350 ya nthawi ya Covid. Mmalawi sanali pa mndandanda, chifukwa pemiti ya Amalawi kulibe. N'zodabwitsa ndithu, poti dziko lathu ndilo linatsegula ubale ndi Pretoria mu 1967 maiko ena onse a anthu akuda akukana, ndipo Kamuzu anabwera kuno mu 1971 n'kulandiridwa mwaulemu. Ubale wa akuluakulu unamanga Lilongwe, koma kwa wotchetcha kapinga sunafike.

Nanga mphamvu zathu zinapita kuti? Madala ena pakati pathu anayambira ku migodi, nthawi ya Wenela ndi Theba. Amakumbukira 1974, pomwe ndege yonyamula anthu obwerera kumudzi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. Amakumbukiranso 1988, pomwe khomo linatsekedweratu pa mkangano woyeza magazi. Ena mwa iwo amatsokomola usiku wonse ndi fumbi la pansi pa nthaka. Kuli thumba la R5 biliyoni la Tshiamiso Trust lolipira odwala chifuwa cha m'migodi ya golide, koma nalonso limayamba ndi kufunsa umboni wa ntchito, ndipo makadi ambiri anadyedwa ndi chiswe kapena anapsa ndi zisakasa. Enafe tinathera m'mayadi ndi m'makhitchini a ku Waterkloof, Menlo Park, Centurion ndi Laudium. Mabwana amatikonda, amati Mmalawi saba, Mmalawi sayankha. Talera ana awo mpaka kuwaperekeza ku ukwati. Tsiku lomwe bwana wagulitsa nyumba kupita ku Cape Town kapena ku Australia, amakupatsa firiji yakale, nsapato zingapo ndi envulopu ya mwezi umodzi, n'kukukumbatira misozi ili mbwembwembwe. Misoziyo ndi yoona, sitikukana. Koma penshoni palibe, ya UIF yothandiza wothedwa ntchito sanakudulirepo, ndipo kachipinda ka kuseri komwe unkagona kapita pamodzi ndi nyumba.

Amatinena kuti sitikhoma msonkho. Ufa, buledi wabulauni, mafuta ophikira ndi parafini n'zoona alibe VAT. Koma sopo, shuga, mayunitsi a magetsi, a foni, nsapato ndi bulangete, zonsezi timalipira 15 peresenti ngati wina aliyense, ndipo wa pa tilu sanayambe watifunsapo ID kuti alandire ndalamayo.

Ndiye potsala ndi kwa achifundo: matchalitchi, mizikiti, mabungwe. Tiyambe ndi kuthokoza, chifukwa pakanapanda iwo ambiri tikanagona kale kumanda. Amene tinali ku Mooiplaas ndi ku Itireleng kufupi ndi Laudium mu Epulo ndi Meyi 2020 sitidzaiwala mizere ija, yotalika makilomita, yomwe zithunzi zake zojambulidwa kuchokera m'mwamba zinazungulira dziko lonse lapansi. Ntchito zinali zitaima, mabwana atatseka mageti, maphukusi a boma akutidumpha. Asilamu a mumzinda uno ndi amalonda ena anabweretsa ufa ndi ndiwo osafunsa kuti ndiwe wa kuti. A Gift of the Givers timawadziwa kuno ndi kumudzi komwe. Kuli amayi a m'matchalitchi omwe amaphika supu Lachitatu lililonse ndi ndalama za m'thumba mwawo. Mulungu awadalitse.

Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho tiloleni tinene zomwe zimatiwawa. Choyamba ndi fomu. Umamva kuti bungwe lakuti likulemba okalamba ovutika kuti lizithandiza ndi chakudya, magalasi a maso kapena ndodo yoyendera. Umakongola ya takisi, umafika, umakhala pa benchi kuyambira m'mawa. Ikakwana nthawi yako, mtsikana waulemu bwino amakumwetulira.

“Dumela, ntate. ID?”

“Ndili ndi pasipoti, mwanangu.”

“Pepani, kompyuta imafuna manambala 13.”

Mtsikanayo alibe mlandu. Amatifotokozera kuti ndalama zina amalandira ku boma, zina ku makampani, ndipo onsewo amafuna mndandanda wa manambala a ID kuti atsimikize kuti thandizo linafikadi kwa munthu. Pofuna kutseka mbava, atsekera ife kunja. Kenako pali umboni wa komwe umakhala, pomwe ukugona m'chisakasa chopanda nambala ku Plastic View kapena ku Olievenhoutbosch. Pali sitetimenti ya ku banki ya miyezi itatu, kwa munthu amene ndalama yake imagona m'sokosi. Khonsolo ya Tshwane ili ndi ndondomeko yopatsa osauka madzi ndi magetsi aulere, koma imatsata mwini akaunti ya nyumba. Wa lendi kuseri amagulabe mayunitsi kwa landilodi, nthawi zina pa mtengo wokwera kuposa wa khonsolo.

Chachiwiri ndi nyengo. Chifundo cha kuno chili ndi kalendala. Juni akafika, chisanu chikayamba kuyeretsa udzu m'mawa, kumabwera mabulangete. Pa 18 Julaye, tsiku la a Mandela, makampani amatulutsa antchito awo atavala masikipa ofanana kudzagwira ntchito yachifundo kwa mphindi 67. Mwezi wa Ramadan kumabwera maphukusi, Disembala kumabwera phwando la nkhuku ndi mpunga. Thandizo lotere lili ngati mvula ya chizimalupsa: imagwa tsiku limodzi, fumbi n'kugona, fungo la dothi n'kukoma, koma palibe amene amadzalira. Febuluwale ndi Malichi, Seputembala ndi Okutobala, kuli zii. Pali madala amene ali ndi mabulangete asanu pa bedi, koma alibe R40 yopitira ku kiliniki kukatenga mankhwala a BP ndi shuga.

Palibe amene amatifunsa chomwe tikusowa. Akanafunsa tikanawauza: ya lendi, poti landilodi salandira bulangete, ya takisi, mayunitsi kapena gasi wophikira nyemba zomwe atipatsazo, chifukwa nyemba zouma zimadya moto kuposa mtengo wake, mankhwala opaka m'mawondo, matewera a akuluakulu kwa amene anafa ziwalo, chinthu chomwe timachita manyazi kuchitchula koma chimamaliza ndalama m'nyumba. Phukusi limabwera ndi zitini za nsomba za tsabola ndi jamu wotsekemera kwa munthu amene adokotala anamuletsa mchere ndi shuga. Amalandira, kuthokoza ndi manja awiri, mawa n'kukasinthanitsa pa spaza ndi parafini. Akamuona amati taonani, akugulitsa thandizo. Akanangomupatsa R300 m'manja mwezi ndi mwezi, akanadziwa yekha poyiika. Munthu amene wasunga banja kwa zaka 40 ndi malipiro a m'gadeni safunika kuphunzitsidwa bajeti.

Chachitatu, chomwe chimatipweteka mwakachetechete, ndi kamera. Usanagwire phukusi, uyambe waima pamzere, ulinyamule m'mwamba, umwetulire. Chithunzicho madzulo ake chili pa Facebook, m'mawa chafika ku Namwera ndi ku Chintheche. Abale amene amadziwa kuti malume ali ku Joni, amene akhala akudikira kuti tibwera ndi galimoto, amationa titanyamula kathumba ka ufa wa makilogalamu asanu. Enanso timaopa kuti nkhope ya wopanda mapepala ikayenda pa intaneti, sudziwa amene aiona. Choncho ena amasankha kugona ndi njala.

Tikamamva kuti ndalama zothandizira okalamba kulibe, timaseka chamumtima, chifukwa nyuzi timawerenga. Ku Hatfield, pompano, ndi komwe kuli likulu la National Lotteries Commission, bungwe logawa ndalama za lotale ku ntchito zachifundo. Atolankhani a GroundUp akhala zaka akufukula mmene mamiliyoni omangira nyumba zosungiramo okalamba anatulukira, nyumbazo n'kukhala zaka osatha, kuphatikizapo ya ku Marapyane, kumpoto chakum'mawa kwa mzinda uno. Ofufuza a boma a SIU anena kuti akulondola ndalama zoposa R1 biliyoni, ndipo makhoti agwira nyumba zapamwamba ndi magalimoto. Amene anatapa ndalamazo onse anali ndi ID yabwinobwino, ndi adiresi, ndi sitetimenti ya ku banki. Mu 2024 mabungwe osamalira okalamba, olumala ndi ana ku Gauteng anachita kupita kukhoti kuti boma la chigawo liwapatse ndalama zomwe linachedwetsa. Ngati nyumba zosunga nzika zinkasowa chophika, ife a pasipoti yotha ntchito tikanayembekezera chiyani?

Za kuchipatala tingonena mwachidule. Malamulo a dziko lino amati aliyense ali ndi ufulu wopeza thandizo la chipatala. Koma mu Ogasiti 2022 a gulu lodana ndi obwera la Operation Dudula anaima pa geti la chipatala cha Kalafong ku Atteridgeville n'kumasankha odwala poyang'ana khungu ndi kumvetsera kalankhulidwe. Chiyambire pamenepo nkhalamba zambiri zimayamba zafunsa ngati kunja kuli bata zisanapite kukatenga mapiritsi. Mwezi wodumpha mankhwala a BP ndi umene umagwetsa munthu sitiroko.

Tikudziwa funso lomwe lili pakamwa panu, poti timalimva tsiku ndi tsiku m'Chisotho, m'Chizulu, m'Chingerezi, ngakhale m'Chichewa: bwanji osangopita kwanu? Ena apitadi, ndipo timamva mmene zikuwathera. Kumudzi kulibe ndalama ya ukalamba ya aliyense. Botswana inayamba kupereka mu 1996, Lesotho mu 2004, Zanzibar mu 2016, koma Malawi mpaka lero ikudalira Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo imasankha mabanja khumi okha pa 100 alionse, osaukitsitsa ndi opanda wogwira ntchito. Mtchona wotsika basi ndi sutikesi ndani angamulembe? Anthu amati uyu wachokera ku Joni, ali nazo. Munda womwe unasiya anagawana adzukulu a achemwali. Ndalama zomwe unkatumiza zomangira nyumba zinathera pa maliro, fizi ndi feteleza, ndipo pamalopo pali maziko omera udzu. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mankhwala omwe kuno umalandira ku kiliniki, kumeneko amakulembera kuti ukagule.

Palinso mantha ena omwe sititchula mokweza. Kale ankati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Lero nkhalamba yofika pamudzi yosadziwika bwino, yolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chizulu, mwana akangodwala pafupi, zala zimaloza kwa iyo. Sitinaiwale za ku Neno mu Januwale 2016, pomwe okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana. A bungwe loimira okalamba la MANEPO akhala akudandaula chaka ndi chaka za kuphedwa kwa okalamba powanamizira ufiti. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024, ndipo tikuyamika, koma lamulo lili ku Lilongwe, chikwanje chili pamudzi. Tsono ambiri tili ndi ana ndi adzukulu obadwira konkuno, olankhula Sepitori, osadziwa ndi komwe kuli Mwanza. Ukatuluka pa Beitbridge masiku atapitirira, amakudinda chidindo choletsa kubwerera mpaka zaka zisanu. Kwa munthu wa zaka 70, kumeneko n'kutsanzikana.

Kwa achifundo pempho lathu ndi laling'ono. Pa fomu yanu ikanipo malo a nambala ya pasipoti, ngakhale yotha, kapena kalata ya abusa, ya shehe, ya mkulu wa dera. Gawani zochepa koma mwezi uliwonse, kusiyana ndi zambiri kamodzi pachaka. Funsani kaye musanagule. Kamera muisiye m'thumba. Kwa boma la kwathu, lomwe lili ndi ofesi ya kazembe ku Arcadia, pafupi ndi Union Buildings: zomwe anakambirana a ku Harare ndi a ku Maseru, inunso mungathe kukambirana. Ndalama zomwe tatumiza pa Mukuru zaka zonsezi zamanga nyumba, zaphunzitsa ana ndi kubweretsa ndalama zakunja zomwe mumazisowa. Yambani ndi kutiwerenga, mudziwe kuti okalamba tilipo angati.

Koma mawu olemera tawasungira ife eni, Amalawi a ku Pretoria. Pa maliro palibe amene amatiposa. Munthu akangotsikira kuli chete, foni zimalira usiku womwewo, magulu a WhatsApp a anthu a boma limodzi amadzuka, a mpingo ndi a mzikiti amayendetsa mbale, ndipo pasanathe sabata ndalama zokwana bokosi, mapepala ndi ngolo yokoka mpaka kumudzi zapezeka. Amene sanamuyenderepo akudwala amafika ndi R200 n'kulembetsa dzina m'buku. Madala yemweyo miyezi isanu ndi umodzi yapitayo ankagona pa katoni, landilodi atamutulutsira katundu panja chifukwa cha lendi ya miyezi iwiri. Timasonkhera mtembo ulendo wa makilomita pafupifupi 2,000, koma mwini wake ali moyo tinalephera kumusonkhera ya takisi yopita ku kiliniki. Izi sitingaloze SASSA, sitingaloze Home Affairs, sitingaloze azungu.

Inu apampando ndi asungichuma a mabungwe a maliro ku Mamelodi, Laudium, Sunnyside, Olievenhoutbosch ndi Soshanguve, mukakumana Lamlungu loyamba la mwezi ukubwerawu, tsegulani buku lachiwiri. Lembanimo mayina a onse opitirira zaka 60 m'dera lanu amene salandira kanthu, ndi komwe amagona, ndi mankhwala omwe amamwa. Membala aliyense aziwonjezera R20 pa chopereka chake, ndipo musankhe amayi awiri ndi abambo awiri oti aziwayendera ndi ndalamayo m'manja. Achinyamata amene mwangotsika basi chaka chino, musadandaule nayo R20 imeneyo. Ifenso tinabwera ndi masiku 30 pa pasipoti.